Webusaiti Yathu Imatseka Nthawi ya Nkhomaliro

Aphungu,

Ndine mayi wodula makiyi ndi kukonza maloko. Ntchitoyi ndinaphunzira kwa malemu bambo anga, amene anthu onse a mumsewu wathu ankangowatchula kuti a Makiyi, mpaka ena ankayesa kuti ndi dzina la pa chiphaso. Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi: chitseko chobiriwira, benchi ya makasitomala, kauntala, makina odulira makiyi, ndi mphaka wokalamba dzina lake Sajeni. Bambo atatisiya tinatsala awiri pa ntchito, ine ndi achimwene anga. Kenako achimwene anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kukana kugwira tupa. Munthu amene ankatsegula loko ndi kawaya kongotola pansi anayamba kumangokhala pakona n'kumayang'ana makina.

Ndine ndemwe ndinayambitsa zonsezi. Ndinawauza kuti, "Achimwene, masiku ano munthu akataya kiyi safunsa oyandikana nawo, amafunsa foni. Bwanji mutipangire webusaiti?" Ndinkangofuna kuti apeze chochita. Anaphunzira okha, ndi chala chimodzi cha kumanzere, nyengo yonse ya mvula. Tsiku limene anamaliza anavala jekete, n'kutiitana ine ndi amayi kuti tidzaone.

Aphungu, achimwene sanapange webusaiti. Anamanga shopu ya bambo, bambowo ali m'katimo.

Mukatsegula pa foni mumaona chitseko chobiriwira, chotseka. Palibe dzina, palibe nambala. Muyenera kugogoda ndi chala, ndipo kugogoda koyamba sikuyankhidwa, chifukwa bambo sankamva bwino khutu limodzi. Chitseko chikatseguka, wailesi imayamba kulira. Simungaizimitse, pakuti wailesi yeniyeni ya bambo inathyoka kozimitsira kalekale. Kenako mumamva mawu awo. Achimwene anapeza mauthenga m'foni yakale ya malemuwo n'kuwadula bwinobwino, moti ndi bambo enieni amene amakufunsani kuti, "Mwadzuka bwanji?" Muyenera kulemba yankho. Amafunsa za kunyumba, za ana, za amayi anu. Mukangolemba kuti "bwino" basi, amati, "Mwayankha mwachidule. Kodi kunyumba kuli vuto?"

Munthu amene akusaka wodula makiyi, Aphungu, kunyumba kwake kuli vuto ndithu. Koma mukadina batani la "Inde", bambo amati, "Pepani kwambiri, khalani pansi mupume kaye," ndipo foni imakuonetsani benchi. Mumaiyang'ana benchiyo mpaka bambo akhutire kuti mwapuma. Mukadina "Ayi", moni amayambiranso pachiyambi, chifukwa bambo sankakonda munthu wobisa mavuto.

Nambala ya foni yathu ili m'dirowa ya pansi pa kauntala, poti bambo ankasunga foni m'dirowa. Pa chogwirira cha dirowayo pagona Sajeni. Muyenera kumusuntha ndi chala pang'onopang'ono. Mukafulumira amakulumani, n'kupezeka kuti muli panja, chitseko chatsekedwanso. Mukapambana, nambalayo mumaipeza yolembedwa ndi dzanja la bambo, ndipo dzanja la bambo ankatha kuliwerenga ndi bambo okha.

Komanso nthawi ya nkhomaliro ikakwana, webusaiti imatseka. Pachitseko pamaoneka loko wamkulu ndi kapepala koti "Ndapita kukadya". Lamulungu sitsegula n'komwe.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina, mwana kumsana, dzanja atalimanga nsalu. Mphepo inamenyetsa chitseko n'kumutsekera panja, mphika uli pamoto m'nyumba. Anayankha moni yense wa pa webusaiti ataima pakhonde, utsi ukutuluka pawindo, mpaka Sajeni anamuluma. Anaswa galasi la windo n'kulowa. Anafika pa kauntala n'kundifunsa kuti, "Ali kuti bambo aja ondiuza kuti ndipume?" Nditamuuza kuti anamwalira, anati, "Pepani. Koma mphakayo ali moyo?" Sajeni ndinamubisa kuseri kwa makina.

Wina ndi kalaliki wa mu ofesi inayake, amene loko wa kuchimbudzi anamukanira tsiku loti anzake onse apita ku msonkhano. Iyeyo nthawi anali nayo. Anayankha mafunso onse mwaulemu, anapuma pa benchi, anamunyengerera Sajeni, ndipo dirowa itangoyamba kutseguka, nkhomaliro inakwana. Anadikira m'chimbudzimo mpaka bambo atabwerako kokadya, n'kuyambiranso kugogoda. Ataimba foni ndinanyamula chikwama cha zida n'kuthamanga osafunsa zambiri. Bambo ankatero: munthu akabwera ali wefuwefu sankamulankhula, ankangonyamula chikwama n'kumutsata, ndipo loko akatseguka m'pamene ankapukuta manja n'kunena kuti, "Eya. Tsopano, mwadzuka bwanji?" Kalalikiyo atatuluka anandigwira chanza n'kunditamanda kuti bambo anga ndi munthu wachikondi, koma ulendo wina adzaimbira a Changu.

A Changu ndi mkulu wina amene anatsegula shopu ya makiyi tsidya la msewu. Makiyi awo amapindika ngati supuni yotchipa. Koma webusaiti yawo ndi tsamba loyera, nambala yaikulu pakati, basi. Foni yawo ndimaimva ikulira ndili pa kauntala yanga. Yathu imatha masiku ili duu, moti nthawi zina ndimadziimbira ndekha kuti ndione ngati sinafe. Zikapitirira chonchi, chitseko chobiriwira chenichenicho tidzachitseka, osati nthawi ya nkhomaliro yokha.

Ndinayesa kulankhula ndi achimwene. Ndinati, "Tingochotsako benchi yokha." Anayankha kuti, "Iwe, unawaonapo bambo akusiya mlendo ali chiimire?" Ndinati nanga wailesi. Anati, "Ukachotsa wailesi, shopu ikhala ngati chipatala." Nditatchula Sajeni, anatembenukira kukhoma. Chinthuchi ndi chokhacho chimene manja awo apanga chidwalireni, ndipo ndimadziwa.

Ndiye pali amayi. M'mawa uliwonse amakhala pa mpando wawo, amavala magalasi, amatsegula foni n'kugogoda. Bambo akafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?" amayi amawafotokozera zonse: za bondo, za denga lodontha, za mdzukulu wosamva. Akafika poti, "Amayi ali bwanji?" amayankha mokweza kuti, "Amayiwo ndine ndemwe, bambo inu, simusintha." Kenako amaseka, amapukuta magalasi, tsiku n'kuyamba. Sajeni sanawalumepo.

Amuna anga akuti nkhani yake ndi yachidule. Mawu achinsinsi olowera mu webusaitiyi ndili nawo, achimwene anandipatsa kuti ndisunge mwina angadwalenso. Sabata yamawa akakhala ku chipatala tsiku lonse kolimbitsa dzanja. "Ufufute zonse, uike nambala, akabwera unene kuti ndi intaneti yachita," akutero amuna anga. Chala changa chikufuna, mtima ukukana. Ndikafufuta, ndiye kuti ndawaika bambo m'manda kachiwiri, amayi akuona. Ndikasiya, shopu yawo ifa ndili pa kauntala.

Ndifufute kapena ndisiye?

Ine wothedwa nzeru,
N.D., kuseri kwa siteji ya mabasi


Achemwali,

Musafufute. Mawu achinsinsiwo abwezereni pomwe munawasunga, ndipo amuna anu muwapatse ntchito ina sabata yamawa, ngakhale yosesa pakhomo. Bodza loti "ndi intaneti yachita" silingadutse pa munthu amene anamanga chinthucho ndi chala chimodzi. Adzadziwa asanavule nsapato.

Koma musasiyenso momwe ziliri. Webusaiti yanu ndinaitsegula. Ndinagogoda, ndinayankha, ndinapuma pa benchi. Akazi anga anatulukira kuchokera kuchipinda n'kufunsa kuti, "Mukupereka malonje kwa ndani?" Sajeni anandiluma kawiri. Nambala sindinaione mpaka lero. Ndipo ine ndinali pa mpando wofewa, tiyi ali pambali, makiyi anga onse ali m'thumba.

Tsono taganizirani munthu amene webusaitiyi iyenera kumuthandiza. Waima panja pa nyumba yake yomwe. Dzanja limodzi lanyamula katundu kapena mwana. Dzuwa likuwala pa galasi la foni, batire yatsala pang'ono, bandulo ikutha, ndipo manyazi amugwira chifukwa oyandikana nawo ayamba kusuzumira. Munthu ameneyu ali ndi chala chachikulu chimodzi ndi funso limodzi: ndani angabwere msanga? Chilichonse chimene mwaika pakati pa chalacho ndi nambala yanu ndi loko wina amene mwamuwonjezera pa tsiku loti maloko amukwana kale.

Ndiye tsamba loyamba likhale la iyeyo. Pamwamba penipeni lembani zimene mumachita, m'mawu amene iye angawanene: timatsegula zitseko, timadula makiyi, timakonza maloko. Pansi pake batani limodzi lalikulu loti "Imbani pano", loti akangolikhudza foni iyambe kuitana yokha, osati aloweze manambala pamtima n'kukawalembanso kwina. Batanilo lioneke asanasunthe tsamba, ndipo nambala ilembedwenso poyera, m'zilembo za makina, zakuda pa malo oyera. Dzanja la a Makiyi ndi chuma cha banja, koma si la munthu amene maso ake ali ndi misozi ya utsi.

Muwauze komwe muli monga mmene mungamuuzire mlendo pa foni: kuseri kwa siteji, chitseko chobiriwira. Apa chithunzi cha chitseko chija chili ndi ntchito, chifukwa munthu akachiona pa foni adzachizindikira pamsewu. Chikhale chimodzi, chopepuka, chosadya bandulo. Nthawi yotsegulira ndi yotsekera ilembedwe, ya nkhomaliro yomwe, koma tsambalo lisatseke. Inu ndi amene mumadya. Webusaiti ilibe m'mimba. Ngati masana simuyankha foni, lembani zoona: "Tikapanda kuyankha, tumizani uthenga, tiimba tikangosamba m'manja." Kalaliki uja akanawerenga zimenezo akanadikira ndi mtima wina.

Wailesi isadziyambe yokha. Anthu amatsegula mafoni m'misonkhano, m'chipatala, pafupi ndi khanda logona. Phokoso losapemphedwa limawathamangitsa asanawerenge liwu limodzi. Ndipo musamufunse mlendo funso lililonse asanapeze chimene wadzera. Funso lililonse ndi anthu angapo otembenuka kupita kwa a Changu.

Mukamaliza, musayese nokha, pakuti inu mukudziwa kale pomwe pali chilichonse. Pezani munthu amene sanaionepo, mayi wogulitsa zipatso pa siteji angathe. Mupatseni foni yotchipa, mutulukire naye padzuwa, mumunyamulitse chikwama kudzanja limodzi, n'kumuuza kuti, "Mwatsekeredwa panja, tiimbireni." Kenako tsekani pakamwa. Osaloza, osatsokomola. Pomwe wakakamira, palakwika ndi pa tsamba, osati pa iye. Foni ya m'shopu ikalira musanamalize kupuma kawiri, mwakhoza.

Mwina mukuti: nanga si kufufuta komweko? Ayi. Shopu ya bambo isachotsedwe ngakhale msomali umodzi. Ingosamukira kuseri. Pansi pa tsamba loyamba paikidwe kachitseko kobiriwira kolembedwa kuti, "Muli ndi nthawi? Lowani mucheze ndi a Makiyi." M'menemo mukhale zonse: kugogoda, wailesi, benchi, dirowa, Sajeni ndi mano ake, ndipo kumeneko kuzitsekedwa nthawi ya nkhomaliro monga mwa masiku onse. Pa foni ya amayi achimwene aike kachizindikiro kolowera m'chipindacho mwachindunji, kuti m'mawa wawo usasinthe ngakhale pang'ono. Ndipo mudzadabwa. Anthu amene ntchito yawo yatha, chitseko chawo chatseguka, mtima uli m'malo, adzalowamo mwa kufuna kwawo n'kumatumizirana. Chimene chimakwiyitsa munthu wothamanga chimasangalatsa munthu wokhala pansi.

Ndikunena izi ndi nsanje pang'ono. Mayi anga anamwalira mafoni asanayambe kusunga mawu. Nkhope yawo ndili nayo pa khoma, koma mmene ankanditchulira dzina, kukweza pang'ono kumapeto ngati akufunsa, ndimakumbukira lero, mawa kwandithawa. Amayi anu ali ndi chinthu chimene ambirife tikanagulitsa mipando kuti tikhale nacho: munthu wawo akuwafunsa mmene adzukira. Achimwene anu anapanga chinthu chabwino kwambiri. Anangochiimika pa khomo lolakwika.

Tsopano nkhani yovuta, yolankhula nawo. Munalakwitsa poyambira. Munapita kwa mmisiri n'kumupempha kuti agwetse benchi, athyole wailesi, athamangitse mphaka. Ndani angavomere? Pitani ndi ntchito yatsopano, osati ndi nyundo. Ndipo mfundo yowagonjetsera musaifune kwa ine, ili m'kalata yanu yomwe. Munailemba modutsa, pofotokoza za kalaliki wa m'chimbudzi. Munati munthu akabwera ali wefuwefu, bambo anu sankamulankhula: ankanyamula chikwama n'kumutsata, moni n'kubwera loko atatseguka.

Ndiye kuti a Makiyi analipo awiri. Analipo wa benchi, wa mlendo amene wabwera kudzadulitsa kiyi yapadera ndipo alibe kothamangira. Analiponso wa chikwama. Achimwene anu anaika woyambayo pa intaneti, wachiwiri anamuiwala, mwina chifukwa nthawi zoterozo iwo ankatsala m'shopu, kapena chifukwa munthu wothamanga ndi chikwama sasiya mawu m'foni. Musawauze kuti webusaiti yawo ndi yoipa. Afunseni kuti, "Achimwene, mayi uja wa mphika pamoto akanafika kwa bambo ali moyo, akanamukhazika pa benchi?" Mukafunsa, khalani chete monga ndakuuzirani pa nkhani ya wogulitsa zipatso. Akayankha okha, muwauze kuti bambo amenewo akusowa pa webusaiti, ndipo palibe wina angawaikepo koma iwo.

Tsamba loyambalo, loyera, la batani limodzi, ndilo chikwama cha bambo. Alimange achimwene, ndi chala chawo chomwecho. Inu ntchito yanu ndi kugwira foni padzuwa. Ndipo ngati akufuna kuti mawu a malemu afike kwa kasitomala aliyense, njira ilipo: ntchito ikatha, chitseko chatseguka, mumutumizire munthuyo uthenga waufupi wothokoza, wokhala ndi mawu aja oti, "Mwadzuka bwanji?" Moni yemweyo amene anaswetsa galasi adzakubweretserani anthu, chifukwa wafika pa nthawi yake.

Chenjezo langa ndi ili. Achimwene anu akavomera, adzafuna kubweza zinthu pang'onopang'ono. Lero kawailesi kakang'ono pakona, mawa mchira wa Sajeni pa batani. Muziwakonda, koma pa tsamba loyamba muzikana. Mugwirizane lamulo limodzi ntchito isanayambe: chilichonse chofuna kulowa patsogolo chiyambe chadutsa kwa wogulitsa zipatso. Ndipo tsiku losinthira, amayi auzidwe kale. Asadzuke m'mawa, avale magalasi, agogode, n'kupeza batani pomwe panali amuna awo. Muwaonetse chitseko chawo chatsopano muli pambali pawo, ndipo musachoke mpaka mutamva akuti, "Amayiwo ndine ndemwe."

Mwaona kuti sindinakupatseni moni poyamba. Munabwera muli wefuwefu, chala chili pa batani lofufutira, ndiye ndinangonyamula chikwama.

Eya. Tsopano, achemwali, mwadzuka bwanji? Bondo la amayi likupeza bwanji?

Aphungu